Zitini za Mzime

9 Malichi

Mayi a ana,

Moni wanga akupezeni muli moyo, inu, ana ndi amayi. Ine kuno ndili bwino, kupatula kamsana kaja mukukadziwa kale.

Kalata yanu adalaivala a basi andipatsa Lachisanu. Za foni yogwera m'ndowa ndamva, ndipo sindikalipa. Koma ina idikire kaye. Kuntchito atidula masiku. Mahotela awiri amene tinkawachapira nsalu za pabedi agula makina awoawo, ndiye tikulowa masiku anayi m'malo mwa asanu ndi limodzi. Makina ositira amene ndimaimapo ine akazimitsidwa Lachinayi madzulo, kuyakanso ndi Lolemba. Ndalama yomwe ndimatumiza ichepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Adalaivala amanyamuka pakatha milungu iwiri iliyonse ndipo makalata amatinyamulira ulere, ndiye foni ya chiyani? Pakagwa zadzidzidzi, ilipo ya alamu anga.

Nkhani yaikulu ndi ya Mzime. Manambala a pa khadi la kusikelo amene munandikopera ndawajambula pa pepala la mizere. Miyezi itatu yatha mwana wa zaka ziwiri osawonjezera kanthu. Anamwino sananame: si matenda, n'chakudya chomanga thupi chimene chikuchepa. Musalire, zoterezi zimakonzeka. Ndakhala Loweruka lathunthu ku laibulale, ndawerenga mabuku awiri ndi timapepala ta kuchipatala. Tamverani.

Mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera zija mumamugulira akalira zithe. Mtengo wa botolo limodzi ndi wa mazira awiri, chikhalirecho m'botolomo muli madzi ndi shuga basi. Dzira limodzi tsiku lililonse likhale la Mzime. Chisamba azidya lake Lamulungu. Ndi mtsikana wamkulu tsopano, amvetsa. Mtedza muzisinja nokha, muzithira m'phala. Nyemba gulani ndowa yathunthu mugawane ndi mayi a pa nyumba yachiwiri, osati timapaketi ta kugolosale. Muzizinyika m'madzi madzulo, zimapsa msanga. Ndiwo zamasamba gulani dzuwa likapendeka, ogulitsa akayamba kuopa kubwerera nazo.

Ndipo ichi ndanena kangapo: mumawiritsa zinthu mopitirira muyeso. Masamba mumawaphika mpaka asanduke matope. Mavitamini amathera m'nthunzi, ndalama imathera m'phulusa. Thumba la makala likutha milungu itatu pamene likanafika mwezi ndi theka.

Ine musandidere nkhawa. Za chiphaso changa chokhalira m'dziko lino tidzakambirana tsiku lina.

Ine,
bambo a ana

23 Malichi

Mayi a ana,

Ndakondwa kumva kuti nonse mwadzuka, ndi kuti chifuwa cha amayi chaphwa. Kunonso kulibe chovuta.

Mwalemba kuti, "Wophika ndi amene waima pamoto, osati amene wakhala mu laibulale." Ndamva. Koma manambala sanama.

Mwafunsa kumene ndasamukira. Ndi galaja yakale kuseri kwa nyumba ya eni: zenera limodzi, mabedi awiri, kachitofu kamagetsi ka diso limodzi, ndi thabwa limene tinakhoma pakhoma kuti likhale shelefu. Ndimakhala ndi mnzanga amene aliyense amangomutcha Mlonda, poti ndiyo ntchito yake pa malo ogulitsira matayala. Ndi munthu wa nthabwala, wa ana anayi kwawo. Ine amanditcha Aphunzitsi, ngakhale choko ndinachisiya kalekale. Dzana anandipeza ndikuyeza nyemba ndi kapu.

"Aphunzitsi, nyemba zanuzi mumaziwerenga musanadye kapena mutadya?"

"Ndisanadye."

"Ndiye mutadya timaziwerenga ndife, m'chipinda cha zenera limodzi."

Ndi iyeyu amene wandionetsa njira. Kuseri kwa msika kuli mzere wa makontena achitsulo, ndipo mu imodzi muli bambo wina amene amagulitsa zitini za nsomba zopindika, zimene masitolo akuluakulu amachotsa pa mashelefu. Mtengo wake ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wa m'sitolo. Sindinathamangire. Ndinabwerera ku laibulale. Mabuku akuti chitini chopindika pambali, kupindikako kusanafike pamsoko, chilibe vuto. Choopsa n'chotupa pamwamba kapena pansi, chodontha, ndi chadzimbiri. Ndiye ndinapita n'kuyang'ana chimodzichimodzi: tsiku lake, msoko wake, kenako kudina chivindikiro ndi chala chachikulu. Wazitini uja anatopa nane.

"Bambo, mukugula kapena mukufunsira?"

Chitini chimodzi chili ndi chakudya chomanga thupi chonga cha mazira anayi, ndipo minga yake yofewa imalimbitsa mafupa a mwana. Pa mtengo wa mazira awiri. Mlonda wakhala akudya zimenezi milungu itatu, amangotsegula n'kudyera buledi pa geti pomwepo, ndipo ali gwa. Umenewu ndiwo umboni.

Ndayamba kugula zitatuzitatu, ndikuziika m'katoni pansi pa bedi. Ine sindikudyako, nyemba ndi kabichi zandikwana. Lamba ndaboola bowo lina, koma thupi limene ndinali nalo linali longonyamula.

Kukhomo kuno kunabwera anthu ofunsa za ziphaso mlungu watha. Ine ndinali kuntchito.

Ine,
bambo a ana

6 Epulo

Mayi a ana,

Moni kwa inu nonse. Ndili bwino.

Mawa adalaivala anyamuka ndi katoni yomanga chingwe chabuluu. Lachinayi mukaidikire pa siteji nokha, musatume munthu. Muli zitini makumi awiri ndi zinayi, sopo mitanda iwiri, ndi nsapato za Chisamba. Ngati zakula, aike pepala kutsogolo; phazi lizipeza.

Mwayi unandigwera dzulo. Wazitini anali ndi katundu watsopano, wotsika mtengo kuposa kale, mapepala ake oyera ngati angomatidwa kumene. Ine ndinatenga khumi ndi ziwiri, Mlonda anatenga zinayi. Zonse ndinazidina, zonse n'zosalala. Zatsopanozo ndaziika pamwamba. Yambani ndi zimenezo, chifukwa masiku ake ali pafupi.

Chitini chimodzi pa masiku awiri aliwonse, ndiye zikufikitsani pafupifupi milungu isanu ndi iwiri. Theka la Mzime, theka linalo mugawane. Mazira mukhoza kuchepetsa kufika atatu pa mlungu, ndalama yake mugule zipatso zimene zatsika mtengo.

Tsopano werengani bwino apa. Nsomba za m'chitini zinaphikidwa kale kufakitale, ndi moto woposa wa mbaula yanu. Musaziwiritsenso. Ndikukudziwani. Muziika pamoto mpaka mphika upse, makala athe, chakudya chonse chifere momwemo. Ingotsegulani, phwanyani ndi supuni, mupatseni mwana. Ndikupemphani, kamodzi kokha kano, chitani monga ndalembera.

Mlonda akupereka moni. Akuti Mzime akanenepa mumutumize kuno adzamuthandize kuopseza akuba.

Ine,
bambo a ana

13 Epulo

Mayi a ana,

Moni. Ine ndili bwino. Werengani mzere wotsatirawu musanachite china chilichonse.

Zitini zija musatsegule. Ngati chilipo chotsegula kale, musadye, musalawe, musapatse galu kapena nkhuku. Zimene ndinalemba m'kalata yapita ija muziiwale.

Mlonda ali m'chipatala. Lachisanu m'mawa atabwera kuntchito anaima pakhomo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, eni nyumba awonjezera chitseko china?" Ndinaseka. Ankaona ziwiriziwiri. Masana zikope zinayamba kugwa, lilime kulemera ngati la woledzera, chikhalirecho mowa salawa. Dzulo ndinamupatsa madzi, anatulukira m'mphuno. Thupi silinatenthe ngakhale pang'ono. Ndinamunyamula ndi eni nyumba.

Sindinatsimikize kanthu. Koma ine ndi iye timadya mphika umodzi, timamwa mpope umodzi. Chimene iye anadya ine osadya n'chimodzi chokha.

Foni ya alamu ndaimba kakhumi ndi kanayi, ikungoti siikupezeka. Ya adalaivala siigwira akadutsa malire. Kalatayi ndikupatsa munthu wa lole amene sindikumudziwa. Walonjeza kuisiya pa siteji. Mukaiwerenga, bwerekani foni kwa aliyense mundiimbire. Nambala ndalembanso pansipa ndi zilembo zazikulu.

Bambo a ana

15 Epulo

Mayi a ana,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Ndikulemba mawu amenewa ndikudziwa kuti sindikudziwa.

Iyi ndikupatsa mayi wina wogula katundu amene akukwera basi ya mawa, poti munthu wa lole uja sindikumukhulupirira. Ngati ija simunalandire: zitini musadye.

Tsopano ndatsimikiza. M'chikwama cha Mlonda ndinapeza chitini chopanda kanthu, cha katundu watsopano uja. Ndinachitembenuza kangapo osaona kanthu. Kenako ndinamatula pepala lake. Pansi pa pepalalo pali kadontho ka mtovu, kochepa ngati njere ya therere. Zitinizo zinali zotupa. Munthu anaziboola ndi msomali kuti mpweya utuluke, anadina zivindikiro, anatseka kabowoko, n'kumata pepala latsopano. Ine ndinadina ndi chala changa chivindikiro chimene wina anadina kale. Mabuku aja anandiuza za zitini, sanandiuze za anthu.

Ndinapita nacho kwa adokotala. Ndi mayi wachikulire, wa mawu ochepa. Atachiona anasiya zimene ankalemba n'kuyamba kuimba mafoni. Akuti m'chitini choonongeka mumamera tizilombo timene timatulutsa poizoni wozizitsa mitsempha. Amayambira m'maso, kutsikira kukhosi, kenako pachifuwa. Nthawi zina chakudyacho sichinunkha n'komwe. Mlonda mankhwala amupatsa, koma amangoimitsa poizoni kuti asapitirire. Pamene paonongeka kale pamadzichirira pokha, milungu kapena miyezi. Dzulo amuika pa makina opumira. Amamva zonse, koma maso satsegula.

Ndinawauza adokotalawo za katoni. Analemba kapepala kamene ndaika m'envulopu muno. Ngati Mzime wadyako, yang'anani izi: zikope kugwa, kulira kopanda mphamvu, dovu kuchucha, kulephera kumeza, khosi kulefuka, kusachita chimbudzi. Zimayamba patatha theka la tsiku, nthawi zina mpaka masiku khumi. Mukaona chimodzi chokha, musadikire chachiwiri, musapite kwa anamwino a pafupi. Pitani chipatala chachikulu, mukaonetse kapepalako. Gulitsani chilichonse. Muyang'anenso Chisamba, amayi, ndi inu nomwe.

Popereka chitinicho panabwera anthu a zaumoyo ndi ena a yunifolomu. Anafuna dzina langa ndi chiphaso. Anaona tsiku limene lili pamenepo, kuti linadutsa kale. Sanandibwezere, akuti ndidikire kufufuza kuthe. Ndinadziwa kuti zikhoza kutero ndisanalowe.

Ndinawaperekeza kuseri kwa msika. Kontena ija ili ndi loko watsopano, pansi pakolopedwa. Oyandikana nayo akuti sanamuonepo munthu wotero.

Bambo a ana

20 Epulo

Mayi a ana,

Moni. Ine ndikudya, ndikupita kuntchito.

Adalaivala afika Lachisanu. Ndinawadikira pa siteji kuyambira m'mawa. Kalata yanu analibe. Ndilemba zimene anandiuza monga ananenera, kuti ndisawonjezere.

"Katoni ndinawapatsa m'manja Lachinayi lija, mwana ali kumbuyo. Anasekerera, anati, 'Ameneyu lero lomwe alawa.'"

"Nanga pobwerera?"

"Lachiwiri sanabwere. Ndinafunsa mayi wa nthochi, anati waona akupita kuchipatala ndi mwana m'mamawa."

"Mwanayo anali bwanji?"

"Achimwene, ine ndinali pa chiwongolero."

Ndafunsanso kawiri, yankho ndi lomwelo.

Ndayesa kuganiza monga ndimaganizira masiku onse. Kuchipatala munthu amapita pa zifukwa zambiri. Pa zitini khumi ndi ziwiri, mwina si zonse zinali zoboola. Mwa zoboola, si zonse zili ndi poizoni. Zonsezi n'zoona. Koma ndikafika kumapeto ndimapeza chiganizo changa chomwe, cholembedwa ndi dzanja langa: yambani ndi zapamwamba, musaziwiritse. Ndinakupemphani kuti kamodzi kokha mundimvere. Zaka khumi ndi zitatu ndakhala ndikudandaula kuti simundimvera.

Lachinayi ndinapsereza nsalu ziwiri pa makina. Akapitawo anandifunsa ngati ndikudwala. Sindikudwala. Ndimangoona supuni.

Ndikanakwera basi ya mawa, koma chiphaso chili m'kabati ya ena, ndipo wopanda chiphaso adalaivala samunyamula. Pali njira ina imene anthu amadutsira. Ndafunsa mtengo wake. Ngati pofika Lachinayi sindimva kanthu, ndichita zimenezo, ntchito ithe ngati ikutha.

Alamu anatani ndi foni yawo? Mwezi wa Malichi ndinali ndi ndalama yokwana foni. Ndinaiwerengera mazira.

Kwa Mlonda ndimapita masana aliwonse. Anamwino anandiphunzitsa kuika chala changa m'dzanja lake: akafinya kamodzi ndiye inde, kawiri ndiye ayi. Dzulo sanafune kundisiya. Ndinafunsa ngati akumva kuwawa, kawiri. Ngati akufuna ndiuze akwawo, kawiri. Ndinafunsa ngati akufunsa za mwana. Kamodzi. Ndinamuuza kuti sindinamve kanthu.

Mayi a ana, ngati chachitika, musandibisire poopa kuti ndili kutali. Lembani monga zilili.

Bambo a ana

23 Epulo

Mayi a ana,

Moni kwa inu, kwa ana, kwa amayi, ndi kwa anamwino amene anakubwerekani foni dzulo. Ndili bwino. Kalatayi siidikira adalaivala, ndipatsa munthu wa basi ya mawa kuti ikupezeni msanga. Ndilembe lero, chifukwa pa mphindi zitatu zija ine ndinangofunsa mafunso ngati wapolisi, ndipo foni itaduka ndinakhala pansi pakati pa madengu a nsalu.

Ndikufuna kulemba zimene tinalankhula, ndizisunge.

"Bambo a ana, kwagwanji? Kalata yanu yandipeza dzulo, zilembo ngati zalembedwa ndi nkhuku."

"Mzime ali kuti?"

"Ali pano, akukoka ndolo yanga."

"Zitini?"

"Tadya zisanu ndi chimodzi."

"Zapamwamba?"

"Si inu munati zapamwamba? Nditawerenga ndamatula mapepala, poti zitini zake ndinasunga zoyezera mchere. Zitatu zili ndi kadontho kanu."

Pamenepo munati, "Halo, mulipo?" Ndinalipo.

"Munamupatsa chotani?"

"Ndi tomato ndi anyezi, zitawira."

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Ine wotchi ndili nayo? Ndinkaziika pamoto, kupita kukatunga madzi, kubwera, kusesa, ndiye kuphula. Chophika munthu amene nkhope yake sindikuidziwa ndingapatse mwana wanga chozizira? Kalata yanu ija yoti ndisawiritse ndinawerenga, n'kuipinda bwinobwino."

Ndipo kuchipatala kuja munapita kusikelo. Pa 15 Epulo. Tsikulo lili pa pepala langa la mizere, ndinalikopera ndekha mwezi watha, lapachikidwa pamwamba pa bedi langa. Masiku anayi ndakhala ndikuliyang'ana osaliona. Magalamu mazana atatu amene wawonjezera ndawajambula, koma sindikudziwa kuti ndithokoze chiyani.

Ndapita kwa adokotala aja. Akuti poizoni ameneyu amafa chakudya chikawira kwambiri mphindi khumi. Ndinawafotokozera mtunda wa kuchitsime. Anavula magalasi n'kunena kuti, "Mkazi wanu akakhala ndi nthawi adzaphunzitse anamwino anga." Koma anawonjezera kuti tisachite chibwana. Zotsala zonse, zapansi zomwe, ndi zopanda kanthu zija, zikulungeni m'pulasitiki muzikwirire m'dzenje lakuya kumene mwana kapena galu sangafukule. Mchere umene munayezera m'menemo tayani. Chomaliza munadya pa 20, ndiye maso akhale pa nonse mpaka pa 30. Kapepala kaja kakhale m'chikwama chanu.

Mlonda ndamuuza. Ndinati, "Mwana ali moyo, amayi ake anawiritsa." Anafinya kamodzi, osasiya nthawi yaitali. Ndinati, "Ukatuluka upeza nyemba, ndakuyezera kale." Anafinya kawiri. Adokotala akuti mwina miyezi iwiri. Lendi ya bedi lake ndilipira ine, ndipo akazi ake ndawalembera ngakhale iye anakana. Za chiphaso, a yunifolomu aja akuti ndipitenso pa 8 mwezi wamawa. Zimenezo tiona.

M'katoni yotsatira muli foni. Ndalama imene ili m'envulopu ndi ya mazira, nyemba, mtedza, ndi makala matumba awiri. Za masamba maganizo anga sanasinthe, mabuku akutero ndithu. Koma sindidzalembanso. Moto ndi wanu.

Pa 30 ndapempha anamwino akubwerekeninso foni, mayunitsi ndawatumizira. Musandifotokozere kanthu. Mungomuika Mzime pa foni. Ngati safuna kulankhula, mumulande chimene wagwira kuti alire. Ndikufuna ndimve kuti mawu akutuluka ndi mphamvu.

Ine,
bambo a ana